Ndinamwa Pamanda a Amalume

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha phokoso la galasi losweka. Ndinali nditagona pansi m'khitchini, pakati pa amayi awiri ochokera kumudzi, mutu nditatsamiritsa pathumba la mpunga. Pabalaza nyimbo zinali zikupitirira, koma mawu anali atasasa, poti anthu anali ataimba mausiku atatu. Bokosi la amalume tinali titakalitenga ku mochale madzulo a dzulo lake, ndipo linali pakati pa balaza, pamene pankakhala tebulo. Agogo, amene anabereka amalumewo, anali kumutu kwa bokosi, atatsamira khoma, maso ali chitsekere koma osagona.

Ndinatulukira khomo lakuseri. Kutsogolo kwa nyumba abambo anali atazungulira moto, ena akusinza pamipando ya pulasitiki. Kuseriko ndinapeza msuweni wanga, mwana yekhayo wa amalume, amene amagulitsa maloko ndi misomali mu Msika wa Lilongwe. Anali atathyola kabati ya bambo ake n'kutulutsa mabotolo onse a wisiki. Ankatenga limodzilimodzi, kuligwira pakhosi, n'kulimenyetsa pampanda wa njerwa. Pamene ndinkafika anali ataswa asanu ndi awiri. Bwalo lonse linkamveka fungo la utsi, uchi ndi zipatso zouma, ndipo dzanja lake linkachucha magazi.

"Ukuyang'ana chiyani iwe?" anatero. "Izi ndi zimene zandiphera bambo. Eni ake a zimenezi akangoponda pano lero, aona."

Ine si munthu woyankha. Ndinakatenga tsache n'kusesa magalasiwo kuti amayi ophika asadzibaye, chifukwa ambiri ankayenda opanda nsapato.

Makolo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Bambo anga ankayendetsa galimoto ataledzera, amayi ali pambali pawo, ndipo onse awiri anathera pamlatho wa pamsewu wopita kwathu. Anandilera ndi agogo. Amuna awo nawonso anapita ndi kachasu. M'nyumba ya agogo mowa sunkatchulidwa n'komwe, ndipo tsiku limene amalume anadzanditenga kuti ndikaphunzire ku tauni, agogo anandigwiritsa Baibulo n'kundilumbiritsa kuti sindidzalawa mpaka imfa. Za amalume anali atataya kale mtima. Ankati mwana wawoyo anamusiya m'manja mwa Mulungu, ndipo amene anatsala naye woti adzamuonetse kumwamba ndi ine.

Amalume sanali chidakwa. Anali m'kagulu ka anthu asanu ndi anayi okonda wisiki amene iwo amamutcha singo moti, wophikidwa ndi chimera cha balere chokha, pamalo amodzi, osasakaniza ndi wina, n'kusungidwa m'migolo ya matabwa zaka khumi kapena kuposa. Ankakumana Lachisanu lomaliza la mwezi, mosinthana nyumba, ku Area 10, ku Area 43, nthawi zina kwathu ku Area 15. Botolo limabwera litavekedwa kathumba kakuda kuti wina asaone dzina lake. Aliyense amathiridwa pang'ono m'katambula kopapatiza kukamwa. Amayamba anunkhiza ali chete. Kenako amalawa, n'kudonthezamo madontho awiri kapena atatu a madzi ndi kachubu kagalasi, konga kothirira mankhwala m'maso, kuti fungo litseguke. Pomaliza aliyense amanena chimene wamva, ndipo tcheyamani amalemba m'kabuku dzina la munthu ndi malikisi amene wapereka. Sindinaonepo munthu akuchoka pamenepo akudzandira.

Wachisanu ndi chinayi m'kaguluko ndinali ine. Zaka ziwiri m'mbuyomo amalume anandinunkhiritsa katambula kawo mongocheza, ine n'kunena kuti mukumveka masuku opsa kwambiri ndi munda umene wangotenthedwa kumene. Tcheyamani anavula magalasi, n'kundikokera mpando. Kuntchito kwanga, ku famase ya ku City Centre, ndimatha tsiku lonse osanena chilichonse kupatula dzina la mankhwala, koma pa tebulo limene lija ndinkapeza mawu. Agogo sankadziwa. Msuweni wanga sankadziwa, poti iye ndi bambo ake sankalankhulana bwino chichokereni amayi ake pabanjapo.

Amalume anagwa m'bafa Loweruka m'mawa, titachokera ku gululo madzulo a Lachisanu. Dokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, matenda amene anali nawo kwa zaka zambiri. Koma pamaliro mawu a dokotala sayenda mtunda wautali. Pofika tsiku loika, nkhani inali yakuti anthu olemera anawaitanira ku zochitika zawo zachinsinsi n'kuwathirira. Ine ndinali nditamwa za m'botolo lomwelo, ndipo nkhaniyi ndinkaimva ikudutsa pamwamba pa mutu wanga ndikusenda anyezi.

Kutacha, amayi anasonkha moto pamafuwa asanu ndi limodzi m'mbali mwa mpanda, wina wa nyemba, wina wa kabichi, wina wa nyama ya mbuzi ziwiri zimene zinaphedwa m'bandakucha. Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa linatuluka lili psuu, ndipo pofika eyiti koloko malata a nyumba anali atayamba kale kuthetheka. Lole ya kumudzi inafika itadzaza, anthu atachita fumbi mpaka m'nsidze, ndipo amayi anayamba kulira asanatsike. Anabwera a kumpingo atavala zoyera, anabwera a kuofesi kwa amalume atanyamula nkhata. Anzake a msuweni wanga ochokera ku Area 1 anadzaza minibasi yathunthu. Ndi amene anakumba manda m'mawa umenewo, ndipo atabwerako anakakhala pansi pa mtengo wa jakaranda, mafosholo ali pambali, akupatsirana kabotolo kapulasitiki kopanda dzina.

A kagulu kathu anafika cha m'ma teni pa magalimoto atatu, onse asanu ndi awiri, atavala masuti akuda m'kutentha konse kuja. Anthu anawapatukira, ndipo pansi pa jakaranda kunati zii. Analowa m'nyumba, nagwada pamaso pa agogo monga mwa mwambo, napepesa. Agogo anawagwira chanza mmodzimmodzi osadziwa kuti ndi ndani.

Tcheyamani ndi mkulu wa ku Rumphi, wopuma ntchito m'boma, woyenda ndi ndodo. Anandipeza pa dramu ya madzi ndikutsuka makapu.

"Pepa, mama," anatero motsitsa mawu. "Botolo limene amalume ako anasunga kuti adzatilawitse mwezi wamawa lili m'galimoto. Mwambo ukuudziwa. Tikalitsegula kumanda, chapambali, mwakachetechete. Katambula kako ndatenga."

Mwambowo ndinkaudziwa. Mmodzi wa gulu akamwalira, otsala amalawa botolo lake pa tsiku loika, ndipo gawo la malemuyo amalithira pansi. Anali atachitapo kawiri, koma kumeneko kunali kwa mabanja a ku Area 10 amene ankawadziwa, moti ana a malemu ankapempha okha kuti alawe nawo. Ndinkadziwanso zimene ndinaona kuseri kwa nyumba m'mawa uja. Ndikanangonena kuti lero ayi, akanandimvera. Koma amayi awiri a kumpingo anali ataima pafupi kudikira makapu, ndipo ndinaopa kuti amva. Ndinangopukusa mutu. Mkuluyo anaganiza kuti ndikukana za ine ndekha.

"Ndamva, mama," anatero, n'kundisisita paphewa.

Mwambo wa panyumba unatenga maola awiri. Abusa analalikira za vinyo amene amanyenga munthu, ndipo anthu ambiri anatembenuka kuyang'ana masuti akuda aja. Itafika nthawi ya achibale, msuweni wanga anaimirira, dzanja atalikulunga ndi nsanza. Sananene za moyo wa bambo ake. Anangoti, "Bambo anga anatuluka pano Lachisanu ali bwinobwino. Amene mukudziwa chimene chinachitika, muli pompano." Wotsogolera mwambo anamulanda chimkuzamawu, kwaya n'kuyambitsa nyimbo mofulumira. Tinaona nkhope. Amalume anali atawaveka tayi imene sankaikonda. Agogo anawagwira pamphumi, osalira, ndipo ndinawadzutsa ndine.

Tinanyamuka cha m'ma wani. Galimoto ya bokosi inali patsogolo, lole pambuyo pake, amayi akuimba atagwirana kuti asagwe. M'misewu anthu ankaima, a kabaza ankatsika panjinga. Kamvuluvulu anatidutsa kutsogolo tikuyandikira kumanda, atanyamula mapepala ndi masamba ouma, ndipo mayi wina mu lolemo anati nayonso ndi nkhani.

Dothi la kumandako linali lofiira ndi louma ngati njerwa. Bokosi linatsitsidwa, abusa anaponya dothi katatu, adzukulu anakwirira mofulumira, fumbi likutilowa m'kamwa. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa agogo, nditawagwira m'chiuno. Pamene wotsogolera mwambo ankaitana oika nkhata, ndinaona anthu asanu ndi awiri aja akuchoka mmodzimmodzi kupita pamene panaima magalimoto, pansi pa mtengo wa mthethe, mtunda wongoponya mwala. Anatsegula buti. Anayala kansalu koyera. Anandanditsa timatambula tisanu ndi tinayi. Tcheyamani anatulutsa botolo lili m'kathumba kake kakuda, nathirira aliyense. Anaima mozungulira, mitu atazolika, aliyense mphuno ili m'katambula, osalankhula. Kenako wina anakweza kachubu kagalasi kaja, ndipo kanang'anima padzuwa.

Sindine ndekha amene ndinaona.

"Aise, taonani uko!" anakuwa mmodzi wa adzukulu. "Ayamba pompano! Akukhwimira pamanda!"

Nyimbo inadukira pakati. Msuweni wanga anataya nkhata imene anali atanyamula, natola fosholo. Anzake anamutsatira, ena ndi makasu, ena akuzula njerwa za pamanda a anthu ena. Ndinamva galasi la galimoto likuphulika. Dokotala wa mano, mmodzi wa gulu lathu, anakweza mkono kuti adzitchinjirize, ndipo mpini wa khasu unauthyola, phokoso lake ngati nzimbe. Awiri anathawa kudumpha manda, wina anataya nsapato. Mayi mmodzi amene anali m'gulu lathu anadzitsekera m'galimoto, anthu n'kuyamba kuigwedeza kuti aigubuduze. Tcheyamani sakanatha kuthawa. Anakweza ndodo yake ngati akufuna kupempha mpata wolankhula, ndipo fosholo inamupeza kumaso. Anagwa chagada. Anamuponda m'nthiti, m'mimba, pakhosi. Magalasi ake anaphwanyikira m'diso.

Abusa ankakuwa kuti abale, abale, koma palibe amene ankawamva. Amayi ena ankalira, ena ankalulutira. Wina anali atagubuduza kale tayala lochokera mu buti, ndipo wina ankapopa petulo ndi paipi kuchokera mu minibasi, akulavula.

Sindikumbukira kuti ndinawasiya bwanji agogo. Ndinangozindikira ndili m'kati mwa chikhamucho, zigongono zikundigunda. Munthu wina anali atakweza kachubu kaja m'mwamba. "Jakisoni wa poizoni uyu!" Wina anali ndi kabuku. "Maina ali umu, mani! Maina ndi manambala! Dzina la malemu ili apa!" Msuweni wanga anali atagwira botolo, likadali m'kathumba, bondo lake lili pachifuwa pa mkuluyo.

"Imwa!" ankatero. "Imwa tione, mdala iwe!"

Mkuluyo sakanatha ngakhale kutseka pakamwa. Chibwano chinali chitapotoka, magazi akutuluka ndi thovu.

"Usavutike, awa sangafe nazo," anatero wa petulo uja. "Anamwera kale mankhwala. Ingomuvekani tayalalo."

Anamukweza mapewa kuti tayala lilowe. Pamenepo ndinagwira botolo lija. Msuweni wanga analisiya chifukwa anadabwa, osati chifukwa ndinali ndi mphamvu. Timatambula tonse tinali titasweka kupatula kamodzi kamene kanagubuduzikira pansi pa galimoto. Ndinagwada, ndinakatola, ndinakapukuta ndi chitenje changa cha maliro. Ndinathira. Anthu amene anali pafupi anayamba kukhala chete, ndipo chetecho chinafalikira m'mbuyo.

Sindinaganize zoti ndinunkhize, mphuno inangopita yokha. Munali utsi wa nkhuni zonyowa, mchere, ndi khungu la lalanje louma. Ndinamwa zonse. Wisikiyo anayamba n'kuwotcha, kenako anafewa, nasiya uchi ndi bwemba kumbuyo kwa lilime. Amalume anali atasankha bwino. Ndinathiranso kachiwiri, ndinamwa, kuti wina asadzati ndinangonyambita.

"Wapenga iwe?" anatero msuweni wanga.

"Tsegula kabukuko," ndinatero. Mawu anga anatuluka aakulu kuposa mmene ndimawadziwira. "Werenga dzina lomaliza pa tsamba lililonse. Manambalawo ndi malikisi a mowa. Lachisanu ndinali konko. Ndinakhala pafupi ndi bambo ako, ndinamwa chimene anamwa. Ngati ndi poizoni, dikirani ndife. Ngati mukuwotcha, matayala akhale awiri."

Analanda kabukuko kwa mnzakeyo. Anatsegula tsamba limodzi, lachiwiri, lachitatu. Milomo yake inkayenda akuwerenga dzina langa. Kenako anandimenya khofi limene linandigwetsera pa galimoto, ndipo m'kamwa munadzaza magazi pamwamba pa uchi uja.

Koma tayala linali litatsitsidwa. Anthu anaima kundiyang'ana, kudikira kuti ndigwe. Ndinadzuka n'kuima chilili, dzuwa likundiwotcha pamutu. Palibe amene anayang'ana wotchi, koma inali nthawi yaitali. Mayi wina wa kumudzi anati, "Ameneyu si mdzukulu wa agogo aja? Wa mu kwaya uja?" Wina anayankha kuti ndi yemweyo. Wa petulo uja anathira petulo wake pansi, nayamba kufotokozera anzake kuti iye ankaletsa. Mafosholo anayamba kubwerera kumanda amodziamodzi. Apolisi anafika zonse zitatha, natenga msuweni wanga ndi anzake atatu.

Anthu anayi anamunyamula tcheyamani kumuika m'galimoto ya a kuofesi kwa amalume. Diso limodzi linali litatsekeka ndi magazi. Linalo linandipeza, ndipo anayesa kunena kanthu, koma chibwano chinakana.

Nditatembenuka ndinaona agogo. Anali ataima okha pamwamba pa mulu wa dothi, pamene akanatha kuona zonse, ndodo ili m'manja. Botolo linali likadali m'dzanja langa. Sindinadziwe poliika. Ndinathira zotsalazo pansi, pamene panali magazi a mkulu uja, ndipo fumbi linamwa zonse nthawi yomweyo.

Nkhata zotsala anaziika a kumpingo popanda kuitana maina. Pobwerera, mu lole simunaimbidwe nyimbo. Amayi amene ndinagona nawo m'khitchini anasendera kuti chitenje chawo chisakhudze changa. Kunyumba anthu anasamba m'manja pageti, anadya mofulumira, ambiri ataimirira, ndipo pofika faifi koloko anali atabalalika. A tenti anabwera kudzagwetsa tenti yawo. Pamafuwa panatsala phulusa ndi agalu a oyandikana nawo.

Dzuwa litalowa, foni yanga inalira. Anali mwana wa tcheyamani, akuimba ali kuchipatala. Anati bambo ake ali moyo, nthiti zinayi zathyoka, chibwano achimanga ndi waya, koma diso lamanzere lapita. Anandithokoza. Sindinamuuze kuti m'mawa, pa dramu ya madzi, ndikanatha kuletsa zonsezi ndi mawu awiri okha.

Mipando inali isanabwezedwe m'nyumba. Pabalaza panali mphasa imodzi ndi zizindikiro zinayi pasimenti, pamene panaima miyendo ya benchi ya bokosi. Agogo anali atakhala pamphasapo, mapazi atatupa ndi kuima kwa tsiku lonse. Tinali titagwirizana kale kuti maliro akatha atsala ndi ine m'tauni, chifukwa miyendo yawo ikufooka ndipo kumudzi kulibe wowatungira madzi. Ndinatenthetsa madzi, ndinaikamo mchere, ndinabweretsa beseni n'kuliika pafupi ndi mapazi awo. Ndinagwada.

"Munthu uja wafa?" anafunsa.

"Ali moyo, agogo."

Anagwedeza mutu.

"Unayamba liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Nthawi zonse zija unkabwera kumudzi, n'kumandiwerengera Baibulo?"

"Inde, agogo."

Sanakalipe. Anayang'ana mlomo wanga wotupa ngati akufuna kuugwira, koma dzanja linathera pa bondo lawo.

"Ukanapanda kumwa, akanamuwotcha," anatero. "Zimenezo ndaona ndi maso anga, sindikutsutsa. Za lerozi ndilibe nazo mlandu. Koma unathira ngati munthu wodziwa kuthira."

Anaitana mayi wina wa kumudzi amene anali m'khitchini, namuuza kuti awasungire malo kutsogolo kwa lole m'mawa, ndipo awalongedzere katundu yense, ndi bulangete lomwe. Kenako anagona pamphasapo, nkhope atalozetsa kukhoma, mapazi atawapindira m'chitenje.

Ndinakhala pomwepo nditagwada. Nyumba yonse inali zii, kupatula mpopi wa kubafa umene unkadontha. Patapita nthawi ndinaviika chala m'beseni muja. Madzi anali atazizira, ndipo ndinawanyamula kukawataya panja.